Ba Nola Anapita pa Sitima, Anabwera pa Ndege

Ine ndine Jameson, telala. Ndasoka pa msika wa Chawama zaka zoposa makumi atatu, ndipo pa zaka zonsezo munthu mmodzi yekha ndiye ndinkamulola kugwira sizasi yanga. Dzina lawo anali a Nassoro, koma kuyambira ku Chawama, ku Kanyama mpaka ku Matero ankadziwika kuti Ba Nola, chifukwa cha mfuu yawo akamadutsa m'tinjira ta m'komboni: "Nola-nola! Mipeni, masizasi, vikwanje!" Akatero n'kuliza belu, amayi ankatuluka m'nyumba mipeni ili m'manja ngati kwabuka nkhondo.

Atate awo anali Myao wa ku Mangochi, mmisiri wokhoma zidebe, amene anabwera ku Lusaka nthawi ya Chitaganya n'kukwatira konkuno. Ba Nassoro anabadwira m'Chawama momwemo. Anali munthu wamfupi, wa akatumba olimba, wosachedwa kuseka, ndipo kachisoti koyera ka Chisilamu sikankachoka kumutu kwawo. Atakwanitsa zaka makumi awiri analowa ntchito pa fakitale ina ya zitsulo kuseri kwa njanji, kumene ankasula makasu ndi mapulawo, ndipo anakhala pa makina onolera mpaka imvi zoyamba zitatuluka m'ndevu.

Mu 1993, malonda atatseguka, makasu otchipa ochokera kunja anadzaza m'masitolo, fakitale ija n'kutseka zitseko. Anzawo ena anayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, m'mphepete mwa msewu, ena anabwerera kumudzi, ena anangomira m'mabawa. Ba Nassoro anatha miyezi iwiri akuzungulira m'tauni. Tsiku lina anafika pa shopu yanga atanyamula mpeni wonyezimira umene anagula ku Kamwala.

"Ba Jameson, onani ichi," anatero. "Mashopu yonse yadzala na mipeni iyi. Yokongola monga mkwatibwi, koma ikadula anyezi sabata imodzi chabe, yagona. Manje nindani azaiutsa?"

"Nindani?" ndinafunsa.

"Ine!"

Anatenga njinga yakuda imene atate awo anawasiyira, n'kuiwotcherera miyendo iwiri yachitsulo yokweza tayala la kumbuyo m'mwamba. Pa chitsulo cha pakati anamangapo mwala wonolera wozungulira, waukulu ngati mbale, umene anaugula katundu wa fakitale akugulitsidwa. Lamba ankachokera ku tayala la kumbuyo kukazunguza mwalawo. Woyamba anali wa makina anga osokera, ndipo anaduka tsiku lomwelo. Wachiwiri anali wa injini ya galimoto, ameneyu anagwira. Pa handulo pankalendewera kachitini ka madzi oviikamo mpeni ukatentha. Akafika pamalo ankangotsitsa miyendo ija, kukoleka lamba, kukhala pa chishalo n'kuyamba kupalasa osapita kulikonse, mbaliwali za moto zikuthetheka. Pomatha chaka, ana awo anayi anali atabwerera kusukulu, ndipo akazi awo, Ba Rumaisa, anasiya kuyang'ana pansi akamadutsa pa msika.

Nkhani ya ulendo inayamba mu 1996, mwezi wa Ogasiti. Ba Nassoro ankanola mipeni pafupi ndi Bauleni, pachipata cha nyumba ina yampanda wautali, pamene galimoto yoyera inaima. Munatsika mayi wina wamagalasi, Ba Nsofwa, wa ku Mufulira, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza amisiri ang'onoang'ono. Anazungulira njingayo kawiri.

"Batata, iyi mashini munaigula kuti?"

"Sininagule, bamayo. Ninapanga neka."

"Muli na pasipoti?"

Madzulo a tsikulo tinamva belu likulira kuchokera kutali, osalekeza. Ba Nassoro analowa mu msika akupalasa ataimirira, natsala pang'ono kugwetsa mulu wa tomato wa mayi wina.

"Ba Jameson! Niyenda ku Dar es Salaam! Pa ndeke!"

Kumeneko kunali chionetsero cha amisiri a manja ochokera m'maiko asanu, ndipo bungwe la Ba Nsofwa linkatumizako anthu asanu ndi mmodzi. Panali woluka madengu, wokhoma mbaula, wosema mitondo ndi ena. Pa mzere wathu wa msika panalibe amene anakwerapo ndege, ndiye sabata yonse palibe china chimene tinkakamba. Pasipoti inatuluka. Ine ndinawasokera suti ya khaki ya matumba anayi.

Kenako vuto linabadwa. Ku ofesi ya matikiti anauza Ba Nsofwa kuti munthu aliyense aloledwa makilo makumi awiri basi, ndipo njinga siloledwa kukwera yathunthu: aimasule, aiike m'katoni. Ba Nsofwa anabwera ku msika kudzafotokoza.

"Tichite so, batata. Tikope vithunzi vabwino va njinga, mukaonetse kuja."

"Bamayo," anatero Ba Nassoro, "chithunzi chinganole mpeni?"

Tinagwirizana kuti tiyambe taiyeza. Sikelo yaikulu pa msika wonse inali ya Ba Kombe, wa butchala, yokolekapo nyama. Amuna atatu tinanyamula njinga n'kuikoleka pa mbedza, ikulendewera pakati pa mwendo wa ng'ombe ndi nthiti. Muvi unazungulira n'kukaima pa makilo makumi anayi ndi atatu.

"Iyi si njinga," anatero Ba Kombe. "Ni mbuzi zibili!"

Anthu anaseka, koma Ba Nassoro sanaseke. Anaima akusisita chishalo. Ba Kombe, amene kwawo ndi ku Mpika, anapukuta manja pa epuloni nati:

"Manje muvutikila chani? Sitima ya ku Dar es Salaam ipita pakhomo pa bamayo banga. Ija inyamula vigayo, inyamula mafiliji. Ka njinga aka ingakane?"

Ba Nsofwa anawerenga masiku pa zala. Atati anyamuke masiku asanu anzawo asananyamuke, akafika bwinobwino.

"Nanga pobwela?" anafunsa Ba Nassoro.

"Tikiti ya ndeke yobwelela tiisunge. Tizaona kwamene kuja."

Zimene ndikunena kuyambira apa ndinazimva kwa eni ake, ndipo anandiuza kambirimbiri moti nthawi zina ndimaona ngati ndinali nawo.

Ananyamuka m'mawa, anthu a m'komboni akuwaperekeza mpaka ku msewu waukulu. Ba Rumaisa anawamangira pa kaliyala chikwama cha zovala, mkeka woswalira, ndi kabasiketi ka vitumbuwa ndi nkhuku yootcha.

"Batate bake Jasmin," anatero, "mukaone bwino. Njinga isakakudyeni mutu mpaka kuibala kudya."

Sitima yoyamba inawafikitsa ku Kapiri Mposhi, njinga itatsamira pa matumba a kapenta m'ngolo ya katundu. Anagona kwa msuweni wawo, ndipo mawa lake masana anapalasa kupita ku siteshoni yaikulu kumene sitima ya ku Tanzania imayambira. Anati nyumba yake ndi yaikulu ngati chipatala, anthu ali pikitipikiti, amayi amalonda atakhalira mitolo yawo.

Kalaliki wa ngolo ya katundu anali bambo wina wamtali wa ku Kasama, Ba Mukupa. Ba Nassoro anafika kwa iye masipanala ali kale m'manja.

"Bosi, nimasule chani?"

"Kumasula chani? Iikeni pa sikelo."

Anaiyeza, anamanga kapepala pa handulo, n'kuwapatsa kena koti asunge. Amuna awiri anainyamula n'kuilowetsa yathunthu, mwala ndi lamba zili pomwepo, n'kuimanga ndi chingwe pakati pa makina osokera ndi mabokosi a anapiye. Zonse zinatha tiyi asanazizire m'kapu ya Ba Mukupa.

Sitima itanyamuka, Ba Nassoro anatulutsa mutu pa windo n'kukuwa ngati mwana. Anagawana chipinda ndi amuna asanu amalonda, ndipo pofika ku Mkushi nkhuku ija inali itatha, onse atadziwa kale mbiri ya njinga. Koma mtima sunakhale pansi. Sitima ikangoima pa siteshoni, iwo ankatsika n'kuthamanga m'mbali mwa mabogi onse kukasuzumira m'ngolo ya katundu. Ulendo wachitatu Ba Mukupa anawaima pakhomo.

"Ba mudala, muli na mwana muno?"

"Niona chabe ngati chingwe chagwila."

"Muzasala pa siteshoni, njinga ikafike yeka ku Dar es Salaam!"

Mawa lake m'mawa anapita ku bogi yodyeramo kukamwa tiyi. Kukhitchini kunkamveka munthu akung'ung'udza m'Chiswahili. Ba Nassoro ankachidziwa pang'ono Chiswahili, chimene anatola kwa Shehe wa ku madrasa ali mwana, ndipo anamva kuti wophika akutukwana mpeni. Anasuzumira. Munthu wonenepa ankalimbana ndi nyama ngati akucheka ndi supuni. Ba Nassoro anapempha mpeniwo, anauyesa pa chala, n'kupukusa mutu.

"Tikaima nthawi itali, nibweletseleni yonse," anatero, akusakaniza zinenero ndi manja omwe.

Anaima ku Nakonde, pa malire, kumene a mapasipoti amakwera kudzadinda ndipo sitima imakhalitsa. Wophika anapita yekha kukanyengerera Ba Mukupa, ndipo awiriwo anatsitsa njinga pa siteshoni. Ba Nassoro anatsitsa miyendo, kukoleka lamba, kunena Bisimila n'kuyamba kupalasa. Mwala utangolira, mitu inatuluka m'mawindo a mabogi onse. Mpeni woyamba utatha, wophika anautsetsereka pa mkono, ubweya n'kugwa. Anakuwa, "Fundi! Fundi!" kutanthauza mmisiri, ndipo dzinalo linawamamatira ulendo wonse.

Amayi ogulitsa nthochi ndi mbatata pa siteshoni anasiya madengu n'kuthamangira kunyumba. Anabwera ndi mipeni, zikwanje, wina mpaka nkhwangwa. Mzere unafika ku mpopi wa madzi. Wapolisi wina anayandikira nkhope ili gwa, Ba Nassoro n'kuganiza kuti amangidwa, koma munthuyo anatulutsa m'thumba kampeni kopinda n'kuima nawo pa mzere. Amene analibe ndalama ankasiya nthochi, mazira owiritsa, mbatata. Hutala itawomba, Ba Nassoro anali ndi chikwanje cha munthu m'manja. Anachimaliza mabogi atayamba kale kugwedezeka. Ba Mukupa ndi wophika anakokera njinga m'ngolo, iwo n'kudumphira pambuyo pake, chisoti chili m'kamwa.

Kuyambira pamenepo sanathamangenso m'mbali mwa sitima. Ba Mukupa anawapatsa bokosi loti akhalepo m'ngolo momwemo, chitseko chili chotsegula, akudya nthochi ndi kuona mapiri a ku Mbeya akudutsa. Ku Mbeya anatsitsanso njinga, ndipo kumeneko anapeza anthu akudikira kale ndi mipeni, chifukwa wina wa ku siteshoni ya m'mbuyo anali ataimba foni.

Chimene chinawapweteka ndi chakuti malo amene njanji imalowa m'mimba mwa mapiri anawadutsa ali m'tulo. Anadandaula m'mawa wonse, mpaka Ba Mukupa anawakoka malaya nawalozera kunja. M'tchire, pafupi zedi ndi njanji, munaima akadyamsonga atatu, makosi ali neng'a, akuyang'ana sitima. Patsogolo pang'ono mbidzi zinabalalika, fumbi lili koboo.

"Nakhala zaka fote mu Lusaka," anandiuza pambuyo pake, "nyama izi nenze kuziona pa ndalama chabe na pa kalenda."

Anafika ku Dar es Salaam masana a tsiku lachitatu, kutentha kuli ngati m'ng'anjo. Anzawo a m'chipinda anayamba kulimbana ndi a mataxi. Iwo anangopereka kapepala kaja, anamasula chingwe, anakumbatirana ndi Ba Mukupa, n'kupalasa kutuluka pa geti. Anasochera kawiri pakati pa maminibasi ndi ngolo zokankha, akufunsa njira ndi Chiswahili cha ku madrasa, chimene anthu ankachiseka koma ankachimva. Pamene Ba Nsofwa ndi amisiri ena anatsika ndege patapita masiku awiri, anawapeza pakhomo pa nyumba ya alendo akunola mipeni ya kukhitchini, eni nyumba akuwaitana kale kuti Fundi.

Chionetsero chinatenga masiku asanu. Amisiri ena ankayala katundu wawo pa tebulo n'kukhala pansi, koma pa malo a Ba Nassoro pankamveka phokoso ndi moto, ndiye anthu ankathamangira pomwepo. Aliyense wofuna ankamulola kukwera n'kupalasa. Amisiri awiri a ku Uganda anatha tsiku lonse akuyeza zitsulo ndi kujambula pa pepala. Iwo sanabise kanthu, anawasonyeza ngakhale pamene analakwitsa poyamba. Lachisanu atatuluka mu mzikiti anapalasa mpaka kunyanja yamchere. Anaimika njinga patali kuopa dzimbiri, anavula nsapato, n'kulowa mpaka m'mawondo. Anatapa madzi n'kulawa, chifukwa ankaganiza kuti za mcherezo anthu amangokokomeza.

Tsiku lotseka anawaitana kutsogolo n'kuwapatsa satifiketi. Akutsika pa nsanja, Ba Nsofwa anawafunsa kuti abwerera bwanji.

Mtima wawo unagawanika. Sitima anali ataikonda. Koma tikiti ya ndege inali m'thumba, dzina lawo litalembedwa pamenepo, ndipo ankadziwa kuti mwayi wotere sudzabweranso. Ba Nsofwa anali atafunsa kale ku ofesi: popeza anzawo anagulitsa madengu, mbaula ndi mitondo yonse, zikwama zawo zinali zopepuka, ndipo a ndege anavomera kuyeza katundu wa gulu lonse pamodzi. Koma lamulo la katoni linali lomwe lija.

Katoni anakaipempha ku sitolo ya mafiriji. M'mawa wa tsiku lonyamuka anayala mkeka wakale pabwalo n'kuyamba kumasula. Anachotsa mapedulo, anapinda handulo, anagulula matayala onse awiri ndi miyendo ija, anachotsa kaliyala ndi chishalo. Anauzidwanso kuti aphwetse matayala chifukwa kumwamba angaphulike. Ntchito imeneyi inawatengera maola atatu.

"Ninamvela monga nisenda mbuzi yanga neka," anatero.

Manati onse anawathira m'kachitini ka madzi kaja n'kukamata. Mwala anaukulunga m'zovala n'kuuika m'chikwama cha wokhoma mbaula. Masipanala atatu ndi pulayazi anaziika m'matumba a suti, kuti zikhale pafupi.

Ku bwalo la ndege katoni inakana kulowa pa lamba wa katundu. Anabwera amuna awiri, osaifunsa n'komwe kuti muli chiyani, wina anagwira uku wina uku, kenako mmodzi anangoyamba kuikhwekhwereza kulowa nayo pa kachitseko kam'mbali.

"Pole pole!" anakuwa Ba Nassoro, kutanthauza pang'onopang'ono. Chitseko chinatsekeka.

Podutsa pa chipata cha alonda, makina analira. Anawauza kuti atulutse zonse za m'matumba. Mlonda anayang'ana masipanala, anawayang'ana iwo, n'kunena kuti zitsulo zotere sizilowa m'chipinda cha anthu. Ba Nassoro anachonderera m'Chiswahili, m'Chinyanja, ngakhale m'Chiyao. Ba Nsofwa anayesa m'Chingerezi. Koma zikwama zinali zitapita kale, ndipo anthu anali atayamba kuitanidwa. Anazisiya pa tebulo. Imodzi mwa masipanalawo inali ya atate awo, ndipo mpaka pokwera masitepe misozi inali ikulengeza.

Anapatsidwa mpando wa pa windo. Ndege itayamba kuthamanga anagwira mkono wa woluka madengu, amene nayenso anagwira wa Ba Nsofwa. Kenako pansi panachoka. Nyumba zinasanduka timabokosi ta machesi, nyanja inapendekeka, zombo zili ngati nyerere, ndipo Ba Nassoro anaiwala za masipanala. Anafuula "Allahu Akbar!" mokweza moti anthu a kutsogolo anacheuka n'kuseka. Atalowa m'mitambo anagogoda galasi ndi chala. Atatulukira pamwamba pake, dzuwa likuwala pa thonje lopanda malire, anangokhala kukamwa yasa.

Mtsikana wogawa chakudya atafika, anamufunsa ngati kumene kuli katundu kukuzizira, ndiponso ngati angapite kukasuzumira. Mtsikanayo anamwetulira nati sizingatheke. Anadya zonse za pa thireyi, shuga ndi mchere wa m'timapepala anasungira Jasmin, mwana wawo wotsiriza. Anafunafuna njanji pansi kuti aone kumene anadutsa, koma sanaone kanthu. Akuti akonzeke kugona pang'ono, makutu anayamba kupweteka, ndipo mawu anamveka kuti akutera ku Lusaka.

"Lusaka iti?" Ba Nassoro anafunsa Ba Nsofwa.

"Yamene yanu, batata."

"Masiku yatatu yaja yapita kuti?"

Zikwama zonse zinatuluka, mwala uli bwinobwino, koma katoni osaoneka. Anthu anatha m'chipindamo. Ba Nassoro anayendayenda, thukuta lili kamukamu. Patapita nthawi munthu wina anatulukira akuikankha pa kangolo, ngodya imodzi itang'ambika. Anaibooleza pomwepo n'kulowetsa dzanja. Zonse zinalimo, kungoti tayala la kutsogolo linali litapindika pang'ono.

Panja, katoni inakananso kulowa m'minibasi imene inabwera kudzatenga gulu. Dalaivala anati aimange pamwamba.

"Iyayi," anatero Ba Nassoro. "Yavutika pakulu. Imwe yendani. Ise tizabwela teka."

Anaikokera pansi pa mtengo pamene amaimika mataxi, n'kuyala zitsulo zonse pa udzu. Apa m'pamene anakumbukira kuti alibe chomangira. Madalaivala anali atawazungulira kale. Mmodzi wa iwo, Ba Chisala, anafunsa:

"Ba mudala, ivi vinthu vachokela kuti?"

"Ku Dar es Salaam. Pa ndeke."

"Njinga yakwela ndeke? Ine nakhala pano zaka teni, nikalibe kukwelapo!"

Anatsegula buti n'kutulutsa bokosi lake lonse la masipanala. Wina anagwira felemu, wina ankapereka manati, wina anapopa matayala. Tayala lopindika lija Ba Nassoro analiwongola pa bondo n'kukunga masipoko mmodzimmodzi mpaka linazungulira mowongoka. Pomaliza anabwezera mwala, anakoleka lamba, nati aliyense abweretse chimene ali nacho. Ananola timipeni ta madalaivala, zikwanje za anthu otchetcha udzu pa bwalopo, ndi sizasi ya mayi wina wa mu ofesi amene anatuluka atamva phokoso. Sanalandire kanthu kwa aliyense. Anang'amba kapepala ka ndege pa katoni n'kukamanga pa handulo pafupi ndi ka sitima, n'kuuyamba ulendo.

Anapalasa msewu wonse wa ku bwalo la ndege, kudutsa Chelstone, kudzera ku Kalingalinga, kulowa m'tauni, mpaka ku Chawama. Ine ndinali ndikupinda nsalu kuti nditseke pamene ndinamva phokoso ku geti la msika. Anthu anawatsitsa pa njinga n'kuwanyamula m'mwamba. Ba Kombe anatuluka m'butchala akuvina ndi epuloni yamagazi. Ba Rumaisa anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja, nthungululu ili pakamwa, kenako anaima n'kuwayang'ana bwinobwino.

"Mwayonda," anatero. "Sininakuuzeni?"

Kwa miyezi ingapo, aliyense wobweretsa mpeni ankafunsa funso limodzi, loti chabwino n'chiti, sitima kapena ndege. Yankho linkasintha malinga ndi tsiku. Akakumbukira sipanala ya atate awo ankati ndege ndi ya anthu opanda katundu. Akakumbukira Ba Mukupa ankati sitima ili ndi ulemu, njinga imakwera ngati munthu, iwe n'kumaichezera. Koma ena akayamba kuinyoza ndege, iwo omwewo ankasiya kupalasa.

"Imwe simunaone mitambo kuchokela pamwamba," ankatero. "Khalani chete."

Satifiketi ija inawathandiza. Bungwe la Ba Nsofwa linawapezera kamalo ku Kanyama ndi makina owotcherera, ndipo m'zaka zitatu anapanga njinga zonolera zisanu ndi zinayi, zambiri za anzawo a ku fakitale aja. Anagawana makomboni mwamtendere: wina ku George, wina ku Mtendere, wina ku Linda. Ku Chawama sanalole wina aliyense.

Miyala yabwino inkasowa mu Lusaka, ndiye mu 1998 anabwereranso ku Dar es Salaam pa sitima kukagula. Ulendo umenewu Ba Rumaisa anakana kutsala. Anati akufuna akaone okha ngati madziwo alidi amchere. Kumeneko, amuna awo ali kalikiliki kusankha miyala, iwo analowa m'masitolo a nsalu, nabwera ndi mtolo wa zitenje umene unatha m'masiku anayi pakhonde pawo pomwe. Chaka chotsatira anapitanso awiri. Ulendo wina wotsatira Ba Rumaisa anapita okha ndi amayi anzawo, atalembedwa pa pepala kukula kwa miyala yofunika, ndipo Ba Nassoro anatsala akuphikira ana. Jasmin amati sabata imeneyo anadya mpunga wopserera masiku onse, koma anyezi wake anali wodulidwa bwino kwambiri.